Njati ya ku Palabana ndi zikwangwani zopanda mwini

Mukachoka mu Lusaka kulowera kum'mawa pa msewu wa Great East, n'kudutsa mphambano yopita ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, nyumba zimayamba kutalikirana ndipo minda imayamba kuoneka. Pamenepo mwalowa m'boma la Chongwe, dziko la Asoli, kwa Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II. Tauni ya Chongwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kuchokera mumzinda. Ndi ulendo waufupi, koma amene wakhala kuwindo la minibasi akati awerenge zikwangwani zonse za m'mbali mwa msewu, maso amatopa asanafike.

Sindikunena zikwangwani za ogulitsa mapuloti, ngakhale nazonso zachuluka poti mzinda ukusefukira chakuno. Ndikunena zija za mabungwe omwe si aboma, zozikidwa pa kanjira kalikonse kolowera kusukulu, kuchipatala chaching'ono kapena kumjigo. Zina zikadali zowala. Zina dzimbiri linazidya kalekale, chotsala ndi chitsulo ndi mawu awiri atatu a Chingerezi. M'munsi mwa chilichonse muli mzere wa tizizindikiro tothinana ngati anthu a mu minibasi yamadzulo: mbendera ya dziko lakutali, chidindo cha boma, kadzanja, katsamba, kadontho ka madzi. Funsani mayi wogulitsa tomato pafupi ndi chikwangwanicho kuti n'cha yani. Kawirikawiri adzakuyankhani kuti n'cha a bungwe. Bungwe liti? Apo nkhani imathera.

Ena angaone ngati funsoli n'lachibwana, kukamba za utoto ndi zojambula pamene anthu akufuna madzi ndi mankhwala. Ine ndikuti ili ndi funso la madzi lomwelo. Mjigo ukafa, komiti ya pamudzi iyenera kudziwa khomo loti ikagogode. Mlendo akafika ndi kope n'kuyamba kulemba mayina a ana amasiye, agogo ayenera kudziwa ngati watumidwadi ndi amene akuwatchulawo. Bungwe limene nkhope yake imasinthasintha, lero lobiriwira mawa lofiira, pasikipa zina pagalimoto zina, limawalanda anthu njira yolizindikirira. Limawalandanso njira yolifunsira mlandu.

Mkaka wa m'mawa

Chitsanzo cha mbali inayo chili m'boma lomweli. Palabana ili kummwera kwa msewu waukulu, ndipo ambiri amafikako kudzera msewu wa Leopards Hill. Ndi dera la ng'ombe zamkaka. Kuli sukulu yophunzitsa ulimi wa mkaka, kulinso kopaletivi ya alimi ang'onoang'ono yokhala ndi malo olandirira mkaka ndi kuuziziritsa. Mkaka sudikira munthu. Ukakamidwa m'bandakucha uyenera kufika pathanki dzuwa lisanakwere, apo ayi usasa, ndipo wosasa amaubweza. Mlimi wakutali ankautenga pamutu, pawilibala, kapena pa njinga zopepuka zija zimene sipoko zimathyoka chigubu chikalemera.

Lero mukaima pafupi ndi malo olandirirawo m'mawa, mudzaona njinga zakuda, zolemera, za kaliyala wamkulu, ndipo pa iliyonse pali dzina limodzi ndi nyama imodzi: Buffalo, njati. Simufunika kudziwa Chingerezi kuti muizindikire. Mwana wa Giredi 1 amaidziwa, gogo wosawerenga amaidziwa, makaniko wa pansi pa mtengo amaidziwa ikadali patali.

Njingayi ndi ya bungwe la World Bicycle Relief, limene anayambitsa ndi F.K. Day ndi Leah Missbach Day mu 2005, pambuyo pa mafunde a tsunami amene anasakaza maiko a m'mbali mwa nyanja ya India kumapeto kwa 2004. Day anali mmodzi mwa oyambitsa kampani ya SRAM ya ku Chicago, yopanga zida za njinga. Atagawa njinga ku Sri Lanka anabwera ku Zambia, kumene anapereka njinga 23,000 kwa anthu odzipereka osamalira odwala Edzi ndi ana amasiye m'midzi, pansi pa ntchito ya RAPIDS imene inkatsogozedwa ndi World Vision. Kuno n'kumene anaona kuti njinga za m'sitolo sizikupirira misewu yathu. Anayamba kukonza yawoyawo: chitsulo chokhuthala, giya imodzi, buleki yoponda chammbuyo, kaliyala wonyamula makilogalamu 100. Mu 2008 anakhazikitsa kampani ya Buffalo Bicycles yoti izigulitsa njingazi, phindu lake n'kumabwerera ku ntchito zachifundo, ndipo mu 2009 anayamba kupereka njinga kwa ana asukulu a kumidzi, ambiri mwa iwo atsikana.

Alimi a ku Palabana sanalandire ulere. Anagula kudzera mu kopaletivi yawo, ngongole n'kumadulidwa pang'onopang'ono pa ndalama za mkaka. Bungwelo linalemba m'lipoti lake kuti alimi okhala ndi njingazi anachulukitsa maulendo operekera mkaka ndi 25 pa 100 alionse, ndipo ndalama zimene ankapeza zinakwera ndi 23 pa 100 alionse.

Chimene ndikufuna tione bwino n'chakuti njinga ya mlimi amene anagula ndi thukuta lake, ya mtsikana amene analandira kusukulu, ndi ya wazaumoyo woyendera odwala, zonse n'zofanana, dzina limodzi, chizindikiro chimodzi. Sitolo ya zida zake ili ndi njati yomweyo. Choncho wolandira ulere sachita manyazi ngati wavala chikwangwani cha umphawi, pakuti wakwera chinthu chimene anthu a ndalama zawo amachisirira. Ndipo tcheni chikaduka, mwini wake amadziwa koti apite. Ku Malawi nakonso a kabaza amaitchula ndi dzina lomwelo. Eni bungwelo anasankha nyama imene aliyense kuno amadziwa mphamvu zake, ndiye anaisiya momwemo chaka ndi chaka, osaisinthanitsa ndi nyama ina akabwera bwana watsopano.

Si zachilendo kwa ife

Pali maganizo akuti nkhani za maonekedwe a bungwe n'zachizungu, zobwera ndi akatswiri odula a m'maofesi a ku Kabulonga mu Lusaka. Amene amaganiza choncho apite pamaliro alionse m'mudzi. Asanamve nyimbo, adzadziwa kale mpingo wa womwalirayo. Amayi a Chigwirizano ku Reformed Church in Zambia ndi a Mvano ku CCAP ya Blantyre amaoneka ndi zoyera ndi zakuda. Amayi a Dorika ku Seventh-day Adventist amadziwika ndi buluu ndi duku yoyera. Akatolika ali ndi zitenje za magulu awo. Palibe mayi amene amadzuka n'kunena kuti chaka chino ndatopa ndi mtundu uwu, ndisoka wina. Amadziwa kuti chovalacho si chake yekha, ndipo akachivala pali zimene sangachite pagulu. Wofedwa akawaona akubwera pamzere ndi nkhuni ndi ufa, mtima umakhala pansi asanalankhule ndi mmodzi yemwe.

Chimodzimodzi pa mwambo wa Chakwela Makumbi, pamene Mfumu Nkomeshya imapempha mvula ndi kutsegulira nyengo yolima. Mlendo amadziwa malo a mfumu, nduna ndi alonda poona zovala ndi zonyamula zawo. Asoli sanaphunzire zimenezi ku seminala. Nzeru yakuti gulu liyenera kuoneka mofanana kuti lidziwike ndi kulemekezedwa ndi yakale kuposa bungwe lililonse lolembetsedwa pansi pa lamulo la mabungwe la 2009. Chodabwitsa n'chakuti munthu yemweyo amene Loweruka kapena Lamlungu amasamala yunifolomu ya kutchalitchi, Lolemba ku ofesi ya bungwe amatumiza kalata yokhala ndi chizindikiro chotambasuka ngati chapondedwa ndi thirakitala, mtundu wake wosiyana ndi wa pakhomo la ofesi yomweyo.

Chilankhulo ndi mantha

Boma la Chongwe lili ndi anthu oposa 300,000, malinga ndi kalembera wa 2022. Eni nthaka ndi Asoli, koma Chisoli sichili m'gulu la zilankhulo 7 zimene boma la Zambia linasankha kuti zizigwiritsidwa ntchito m'zigawo. M'sukulu za kuno ana amaphunzira Chinyanja. Kumalo ngati Kanakantapa, kumene boma linakhazika anthu ochokera m'madera osiyanasiyana kuti azilima, mumamva Chibemba, Chitonga, Chinsenga ndi zina. Tsono chikwangwani cha bungwe chimadza ndi Chingerezi, dzina la ntchito lalitali mizere itatu, ndi zilembo zachidule zimene ngakhale wogwira ntchito pabungwepo amazisokoneza. Pamalo otere, mtundu ndi chithunzi ndizo dzina lenileni. Anthu amati a orenji abwera, ndipo aliyense amadziwa kuti akunena World Vision, imene yakhala ku Zambia kuyambira 1981 ndipo yagwira ntchito zaka zambiri m'midzi ya Chongwe. Orenjiyo ali pagalimoto, pasikipa, pachikwangwani cha mjigo. N'chifukwa chake amagwira m'mutu.

Kuzindikirika kumeneku nthawi zina ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Kumayambiriro kwa 2020, mphekesera za anthu opopera mpweya wapoizoni m'nyumba, zimene zinayambira ku Chingola, zinafalikira dziko lonse mpaka Lusaka. Magulu a anthu okwiya anapha anthu pafupifupi 50 ongowaganizira, ena mwa iwo alendo chabe amene analephera kufotokoza msanga kuti ndi yani. Ku Malawi mu 2017, mphekesera za anamapopa ku Mulanje ndi Phalombe zinachititsa kuti bungwe la United Nations lichotse antchito ake m'maderawo kwa kanthawi. Mnyamata wotumidwa kukalemba mayina kapena kukayeza madzi a pachitsime m'nyengo ngati imeneyo amadalira zinthu ziwiri: kalata ya kwa mfumu, ndi chovala chimene mudzi unachiona kale ndipo umachikhulupirira. Bungwe lomutumiza ndi sikipa ya mtundu watsopano, chifukwa choti ndalama za chaka chino zachokera kwina, likumuika pangozi.

Akuba nawo amadziwa zimenezi. Munthu amafika pamudzi n'kunena kuti akulemba anthu oti adzalandire feteleza kapena chimanga, aliyense apereke kangachepe kolembetsera. M'chaka cha njala ngati 2024, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti chilala ndi ngozi yogwera dziko lonse, ndani angakane kulembetsa? Pamene mabungwe enieni amaoneka mosiyanasiyana tsiku ndi tsiku, wabodza savutika, amangosindikiza sikipa ku Kamwala mu Lusaka n'kulowa m'gulu. Pamene bungwe lili ndi maonekedwe amodzi odziwika, chiphaso chamtundu umodzi, ndi nambala ya foni yolembedwa pachikwangwani imene nduna ingaimbe, wabodza amaonekera ng'amba.

Dziko lonse lapansi linaphunzira izi kunkhondo. Mtanda wofiira pa nsalu yoyera unavomerezedwa mu pangano la ku Geneva la 1864 kuti msilikali aliyense adziwe amene sayenera kuomberedwa. N'chifukwa chake chizindikirocho chimatetezedwa ndi lamulo, ndipo bungwe la Zambia Red Cross Society nalo linakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 1966. Mwini sitolo ya mankhwala amene amajambula mtanda wofiira pakhoma lake amaganiza kuti akukongoletsa. Akuchepetsa mphamvu ya chinthu chimene tsiku lina chidzafunike kupulumutsa munthu.

Mwini ntchito ndani?

Tibwerere ku mzere uja wa tizizindikiro. Opereka thandizo ali ndi zifukwa zawo zofunira kuoneka, ndipo zina n'zomveka. Ndalamazo ndi misonkho ya anthu a kwawo, amene ayenera kudziwa kumene yapita. Katundu wolembedwa dzina savutanso kumulondola akabedwa. Mu May 2025 kazembe wa America ku Zambia, Michael Gonzales, analengeza kuti dziko lake lidula thandizo la mankhwala la madola 50 miliyoni pachaka chifukwa mankhwala oyenera kuperekedwa ulere ankapezeka akugulitsidwa m'masitolo. Palibe angatsutse kuti katoni ya mankhwala ilembedwe mwini wake.

Vuto limabwera pamene chizindikiro cha wopereka ndalama chameza cha wogwira ntchito. Bungwe la USAID linali ndi malamulo okhwima pa nkhaniyi: manja awiri ogwirana, ndi mawu onena kuti thandizoli lachokera kwa anthu a ku America, zinkayenera kuoneka pa thumba, pa buku, pa chikwangwani. Ena onse opereka thandizo ali ndi malamulo awoawo, kukula kwake, malo ake, mtundu wake. Kabungwe ka pamudzi, kamene ndiko kamadziwa mayina a odwala ndi njira za kumidzi, kamapezeka kumapeto kwa mzere, kachizindikiro kake kochepa ngati nyemba. Ntchito ikatha patapita zaka 3, ina imabwera ndi dzina lina ndi mitundu ina, anthu ogwira ntchito ali omwewo. Mudzi umasokonezeka: kodi awa ndi aja, kapena ena?

Ndiye kunabwera 2025. Mu January boma la America linaimitsa thandizo lakunja, ndipo pofika pa 1 July USAID inali itatsekedwa. Zikwangwani zake zikadalipo m'misewu ya Zambia ndi Malawi, manja aja akadagwirana, koma ofesi yoti mukadandauleko kulibe. Amene anatsala pamalo ndi aja a kachizindikiro kochepa ngati nyemba. Amene anasunga nkhope yawo m'zaka zonsezo angathe kuima pamaso pa mfumu, pa khonsolo, pa mpingo kapena pa kampani ya kuno n'kupempha thandizo m'dzina lawo. Amene anazolowera kuvala nkhope ya mwini ndalama akuyamba kudzifotokoza ngati alendo pamudzi pamene agwirapo ntchito zaka 15.

Yerekezani ndi Kasisi, kufupi ndi bwalo la ndege. Ajezuiti anafika kumeneko mu 1905, ndipo mu 1974 anatsegula Kasisi Agricultural Training Centre, imene kuyambira cha m'ma 1990 yakhala ikuphunzitsa ulimi wosadalira feteleza ndi mankhwala a m'sitolo. Opereka thandizo abwera ndi kupita, ntchito zasintha mayina m'mapepala, koma mlimi wa ku Chongwe akati ndinaphunzira ku Kasisi, palibe amafunsa kuti ndi kuti. Dzina limodzi pamalo amodzi kwa zaka zoposa 100. Ndicho chuma chimene kabungwe kalikonse kayenera kuyamba kusunga kuyambira tsiku loyamba.

Kufunsa mayi asanajambule

Kusasintha sikutanthauza kuumirira chinthu chimene sichikugwira. Nkhani ya Kit Yamoyo imaphunzitsa kusiyanitsa ziwirizi. Simon Berry ndi mkazi wake Jane, a bungwe la ColaLife, anadabwa kuti Coca-Cola amafika m'midzi yakutali kumene mankhwala a mwana wotsegula m'mimba safika. Anakonza kapaketi kosongoka koti kazilowa m'mipata ya pakati pa mabotolo m'kireti. M'kati munali timapaketi ta mchere ndi shuga wa madzi amoyo, mapiritsi a zinc ndi kasopo. Anakayesa ku Katete ndi ku Kalomo mu 2012 ndi 2013, ndipo kapaketiko kanapambana mphotho ya Design Museum ku London mu 2013. M'madera oyeserawo, ana otsegula m'mimba olandira mankhwala awiriwa pamodzi anachoka pa ochepera 1 kufika pa 45 mwa 100 alionse.

Koma atafufuza anapeza kuti ogulitsa ochepa chabe ndi amene ankaika mapaketiwo m'makireti. Ambiri ankangomanga katoni panjinga. Chimene amayi anakonda si kusongoka kumene kunasangalatsa a ku London, koma dzina lomveka m'chilankhulo chawo, kapaketi kooneka bwino ngati katundu wa m'sitolo, timapaketi tating'ono tokwana kapu imodzi m'malo mwa lita yathunthu, ndi chotengera chokhala ndi mzere woyezera madzi. Eni ake anasiya maonekedwe opambana mphothowo n'kupanga paketi yotsika mtengo, imene kampani ya Pharmanova ya mu Lusaka inapitiriza kupanga. Dzina lakuti Yamoyo analisunga. Anasintha chimene chinali chawo, n'kusunga chimene chinali cha amayi. Mu 2019 bungwe la World Health Organization linaika mankhwala awiriwa, opakidwa pamodzi, pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri.

Amene safunsa amapunthwa. A ku Malawi akukumbuka za Chishango, makondomu amene bungwe la PSI linayamba kugulitsa mu 1994 ndi chizindikiro cha chishango chimene aliyense anachimva. Mu 2002 anatulutsa paketi ndi zikwangwani zatsopano zoonetsa thupi la mkazi. Mipingo inakwiya, bungwe loona zoulutsidwa linalowererapo, ndipo chithunzicho chinachotsedwa. Miyezi imene ikanathera pokamba za Edzi inathera pokangana za chithunzi.

Mtundu nawo uli ndi ndale zake. Ku Zambia kufiira kumakumbutsa chipani cha UPND, kubiriwira PF. Ku Malawi buluu ndi DPP, chikasu ndi UDF. Zisankho za ku Zambia zimachitika mu August pa zaka 5 zilizonse, ndipo bungwe limene lagawa masikipa kapena zitenje za mtundu wa chipani m'miyezi imeneyo lisadabwe theka la mudzi likakana kubwera ku msonkhano wake. Katswiri wokhala ku Washington kapena ku Johannesburg sangazidziwe izi. Nduna ya kwa Nkomeshya ikanamuuza m'mphindi imodzi.

Mtengo wake ndi wochepa

Wapampando wa kabungwe ka amayi ku Chalimbana kapena ku Kanakantapa anganene kuti zonsezi n'za mabungwe a ndalama. Ayi, amayi. World Wildlife Fund itayamba mu 1961, Peter Scott anajambula chimbalangondo cha panda cha mitundu iwiri yokha, yakuda ndi yoyera, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali kupulumutsa ndalama zosindikizira. Bungwe la COMACO, limene Dale Lewis anayambitsa mu 2003 m'chigwa cha Luangwa, linaika dzina limodzi lakuti It's Wild! pa chiponde, mpunga ndi uchi wa alimi amene anasiya misampha ndi mfuti, ndipo lero wogula mu Lusaka amalitola pashelefu osaganiza kawiri. Chofunika kwambiri si ndalama koma kudziletsa. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada: tsamba, dzuwa, buku, manja, mapu a Africa ndi nkhunda, zonse m'kabwalo kamodzi, mapeto ake palibe chooneka.

Sankhani chinthu chimodzi chimene anthu anu amachidziwa, kaya nkhokwe, kaya mtondo, kaya mtengo wa pabwalo la mfumu. Mitundu ikhale iwiri, ndipo lembani nambala ya utoto wake monga ilili pachitini, kuti wogula chaka chamawa asabwere ndi wina woyandikira. Kumbukirani kuti dzuwa lathu limafufutsa utoto wofiira msanga kuposa wina. Zilembo zikhale zamtundu umodzi, zonenepa, zowerengeka munthu ali panjinga. Dzina likhale m'chilankhulo cha anthu, Chinyanja kapena Chisoli, Chingerezi chibwere pansi. Kenako chiyeseni. Chijambulitseni pa fotokope yakuda ndi yoyera muone ngati chikudziwikabe. Chichepetseni ngati chidindo, kapena ngati kachithunzi ka pa WhatsApp. Chipachikeni pamtengo, muitane agogo aime patali anene chimene akuona. Akati akuona chule pamene inu munajambula dzanja, bwererani kwa wojambula, musakangane ndi agogo.

Wojambulayo asakhale mphwanu wongodziwa kompyuta amene mudzamuthokoze ndi botolo la chakumwa. Ku Evelyn Hone College mu Lusaka kuli achinyamata ophunzira zojambula ndi zosindikiza, ndipo ku Henry Tayali Gallery ku Showgrounds kumapezeka akatswiri a luso la manja. Mulipireni moyenera kamodzi, akupatseni chojambulacho pa kompyuta ndi papepala, ndipo chisungidwe m'malo atatu, osati mu laputopu ya mkulu mmodzi amene angachoke nayo. Ndaonapo bungwe lina litasintha chizindikiro katatu m'zaka zochepa, nthawi iliyonse chifukwa choti amene ankasunga chakale anachoka mokwiya, ndipo nthawi iliyonse anthu a kumudzi ankaganiza kuti kwabwera bungwe latsopano, n'kuyambanso kufotokoza mavuto awo kuchokera pachiyambi. Kwa wolemba zikwangwani wa pamsika, mudulireni chikombole pa lata kapena pa pepala lakale la ekisire, monga amachitira anzake, kuti khoma la sukulu ndi thanki ya madzi zifanane ngakhale zapakidwa miyezi yosiyana. Zonsezi zilembedwe pa tsamba limodzi, lipachikidwe mu ofesi.

Ndipo opereka thandizo akabwera ndi malamulo awo, kambiranani nawo. Apatseni malo awo pansi, mwaulemu, koma pamwamba pakhale inu, amene mudzakhalepo iwo atapita. Ambiri amavomera akauzidwa chifukwa chake. Ambiri sanafunsidwepo n'komwe.

Ndisanamizire kuti utoto umachiritsa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Alipo mabungwe a makalata okongola ndi magalimoto owala amene kumudzi amadziwika ndi misonkhano ya m'mahotela basi, ndipo kwa oterowo chizindikiro chodziwika bwino chimangothandiza anthu kudziwa amene anawanamiza. Zimenezonso ndi zabwino. Njati ya ku Palabana imalemekezedwa chifukwa kaliyala wake amanyamuladi zigubu ziwiri osapindika. Ikanakhala yothyokathyoka, anthu akanaithawa ndi liwiro lomwelo limene amaithamangira lero. Bungwe loika nkhope yake poyera, yomweyo chaka ndi chaka, likunena kuti ntchito iyi ndi yathu, ikalakwika tipezeni. Amene safuna kupezeka ndi amene amapindula ndi chisokonezo cha zikwangwani.

Pempho langa likupita kwa akuluakulu a mabungwe ogwira ntchito ku Chongwe, ndi ku khonsolo imene imapereka chilolezo chozika zikwangwani m'misewu. Mvula isanagwe chaka chino, yendani muone zikwangwani zanu chimodzichimodzi. Cha ntchito imene inatha, chizuleni, chitsulocho chikathandize pasukulu. Cha mjigo, chipatala kapena kalasi imene ikugwirabe ntchito, chipakeninso utoto, mulembepo m'Chinyanja dzina la amene akuisamalira lero ndi nambala ya foni imene imayankhidwa. Khonsolo isalole chikwangwani chatsopano chopanda ziwiri zimenezi. Ndipo inu owerenga, bungwe likadzafika kwanu ndi chikwangwani chatsopano, funsani asanakumbe dzenje kuti pa zizindikiro zonsezo, n'chiti chimene mudzachipeze mjigo ukadzafa.